Mmene ndinaumbira nkhope yatsopano ya njinga yanga yamoto

Njinga yanga ndi Honda CG125 yakale, imene ndinagula kwa munthu wina itayenda kale zaka zambiri, ndipo sabata iliyonse imandinyamula kuchoka ku Blantyre kupita ku Zomba, ulendo wa makilomita oposa 60 pa msewu wa M3. Mtundu umenewu unayamba kupangidwa mu 1975, ndipo anaupangira dala mayiko amene misewu yake ndi yovuta komanso kumene njinga sizilandira chisamaliro pafupipafupi. N'chifukwa chake injini yake ndi yosavuta kuimvetsa, ndipo njinga zambiri za ku China zimene anyamata a kabaza amayendetsa zili ndi injini yotengera yomweyi. Chimene njingayi ilibe ndi chotchinga mphepo. Kutsogolo kwake kuli nyali yozungulira, wotchi yosonyeza liwiro, ndi nthambo zamagetsi zobisika m'chigoba cha nyaliyo. M'miyezi ya June ndi July, chiperoni chikakuta mapiri a ku Chiradzulu, mphepo yozizira imalowa pachifuwa kuyambira pa Njuli mpaka pa Thondwe, ndipo munthu amafika ku Zomba mapewa atauma gwa. Tsiku lina ndinagwa pa msewu wamiyala, chigoba cha nyali chinasweka, madzi a mvula anayamba kufika ku nthambo, ndipo ndinaona kuti nthawi yokonza nkhope yonse ya njingayo yakwana.

Ndinayamba ndafufuza m'mashopu a zipangizo za njinga ku Limbe ndi ku Ndirande. Zipulasitiki zakutsogolo ziliko zambiri, koma chilichonse anachipangira njinga ina, moti kuti chimodzi chikwane pa yanga ndikanayenera kuchidula, kuchiboola malo atsopano ndi kuchimanga ndi waya. Ndinaonanso pa njinga za anzanga kuti pulasitiki yotsika mtengo ikakhala padzuwa nthawi yaitali imauma n'kuyamba kung'aluka pozungulira mabawuti. Ndinaganiza zoumba changa ndi faiba, chinthu chimene pa Chingerezi amachitcha fairing, koma ine kunyumba ndimangochitcha chishango, popeza ntchito yake ndi yomweyo.

Mawonekedwe amene ndinali nawo m'mutu anali a njinga ya BMW R90S ya mu 1973, imene katswiri wojambula mawonekedwe a njinga, Hans Muth, anaijambulira kachishango kakang'ono kozungulira nyali, kokhala ndi kagalasi pamwamba, komangiriridwa ku mafoloko kotero kuti kamatembenuka limodzi ndi chiwongolero. Patapita zaka zitatu, mu 1976, kampani yomweyo inatulutsa R100RS yokhala ndi chishango chachikulu chomangiriridwa ku felemu, chimene anachiyesa m'nyumba yapadera youziramo mphepo. Kusiyana kwa ziwirizi n'kofunika kwa aliyense wofuna kuumba chake. Chishango cha ku felemu chikhoza kukula chifukwa mphepo ikachikankha imakankha njinga yonse, pamene cha ku mafoloko, mphepo ikachimenya cham'mbali, mphamvuyo imafika m'manja mwa woyendetsa. M'zaka za m'ma 1950 njinga za mipikisano zinkavala zishango zazikulu zokuta ngakhale tayala lakutsogolo. Zinkawonjezera liwiro ndithu, koma zinkavuta kuwongolera pa mphepo yam'mbali, ndipo bungwe la FIM, limene limayendetsa mipikisano ya njinga zamoto padziko lonse, linaziletsa kuyambira mu 1958. Nkhani imeneyi inandithandiza kuchepetsa khumbo langa. Pa njinga yopepuka ngati yanga, yodutsana ndi malole pa msewu wopapatiza, chishango chinayenera kukhala chaching'ono ndi chopepuka.

Ntchito ya faiba sindinaiphunzire kwa amisiri a njinga ayi, koma kwa bambo wina wokonza maboti ku Monkey Bay, amene ndinakhala naye masiku atatu ndikumuthandiza kumata boti lobooka pansi. Chimene timachitcha faiba ndi zinthu ziwiri zogwirizana: nsalu ya timaulusi tagalasi, ndi rezini, madzi onanda ngati uchi amene amalimba akathiridwa timadontho ta hadena. Nsalu payokha ilibe mawonekedwe, ndipo rezini payokha imasweka ngati botolo. Mphamvu imabwera ziwirizi zikalowerana. Bamboyo atamva cholinga changa anandifunsa ngati ndinaumbapo njerwa. Nditavomera anati, "Ndiye achimwene mukudziwa kale kuti chikombole chikapindika, njerwa zonse zimatuluka zopindika. Musathamangire rezini." Anandifotokozera kuti ntchitoyi ili ndi masitepe atatu: kusema chifanizo cha chinthu chimene ukufuna, kuumba chikombole pamwamba pa chifanizocho, kenako kuumba chinthu chenichenicho m'kati mwa chikombole. Ena amadumpha chikombole, n'kungomata faiba pamwamba pa chifanizo, koma akatero mbali yakunja imatuluka yokhakhala ndipo imafuna fila wambiri, phala lotsekera maenje, amene amalemetsa chinthucho. Ine ndinasankha njira yaitali.

Ndisanaseme kalikonse ndinatha masiku anayi ndi makatoni, tepi ndi lumo, njinga nditaiimika pa sitandi yapakati. Apa ndi pamene ndinazindikira kuti mawonekedwe a chishango sasankhidwa ndi maso okha, chifukwa njinga ili ndi zonena zake. Ndikatembenuza chiwongolero mpaka kumapeto kumanzere, ngodya ya katoni inkagunda thanki ya petulo. Ndikaidula, mbali ya kumanja inkakanikiza chingwe cha kilatchi. Zingwe za faya, za buleki ndi za wotchi zimasuntha chiwongolero chikamatembenuka, ndipo chilichonse chimafuna njira yake yosapanikizika, chifukwa chingwe cha faya chikakokedwa pokhota, injini imakweza yokha mphamvu pa nthawi imene woyendetsa sakuyembekezera. Ndinamanga chingwe champhamvu kuchokera ku chiwongolero mpaka ku ekiselo yakutsogolo n'kuchikoka kufikira mafoloko atalowa mpaka pansi, kuti ndione pamene madigadi amafika njinga ikagwera m'dzenje, ndipo pakati pa madigadiwo ndi katoni ndinasiya mpata wa masentimita 2. Ndinaonetsetsanso kuti dzanja lovala golovesi likufika pa kiyi, kuti maindiketa akuoneka kuchokera kutsogolo ndi cham'mbali, komanso kuti chishango sichikutsika kwambiri. Injini ya CG125 imazizira ndi mphepo yodutsa m'zipsepse zake, kotero chilichonse chotchinga njira ya mphepoyo chikhoza kuitenthetsa pa mtunda wautali. Makatoni amene anatsala pambuyo pa kudula konseku anali aang'ono kuposa chithunzi chimene ndinajambula poyamba, ndipo ndi amenewo anakhala muyezo wanga.

Pa chifanizo ndinalakwitsa koyamba. Ndinasonkhanitsa fomu, zoyera zopepuka zija zimene amatetezera wailesi yakanema m'katoni, ndikuzimata pamodzi, ndikuzisema kwa masiku awiri. Nditapaka fila wa amisiri owongola magalimoto, chifanizocho chinayamba kusungunuka ndikuona, chifukwa fila ndi rezini ya polyester zili ndi mankhwala otchedwa styrene amene amadya fomu ya mtundu umenewu. Ndinayambiranso ndi fomu yolimba ya polyurethane, yachikasu ija imene imapezeka m'makoma a mafiriji, yomwe rezini siidya. Fomu imeneyi imasemeka ndi mpeni wa buledi ndi sandipepa yokakala, ndipo imafulumira kwambiri moti munthu ayenera kudziletsa. Pakati pake ndinaikapo thabwa lopyapyala lodulidwa motsata mawonekedwe a m'mbali, kuti likhale msana wa chifanizo. Kuti mbali ziwiri zifanane, ndinadula makatoni asanu otsata kupindika kwa mbali ya kumanzere pa misinkhu yosiyanasiyana, ndipo katoni iliyonse ndinkaitembenuza n'kuiyeza kumanja. Maso amanama pa nkhani imeneyi. Mbali imene ndinkaiona kuti yafanana ndi inzake inali yotupa ndi mamilimita pafupifupi 8, ndipo katoni ndi imene inandiuza.

Kusalaza chifanizo kunanditengera masabata atatu, madzulo aliwonse ndikaweruka kuntchito, ndipo ndi gawo limene ndikufuna kukhalapo pang'ono chifukwa ndi limene anthu ambiri amalipeputsa. Ndinkapaka fila mopyapyala, akauma ndikupala ndi sandipepa ya nambala 80 yokulungidwa pa kathabwa, kenako 120, kenako 240. Kathabwako n'kofunika, chifukwa zala zokha zimatsata maenje m'malo mowafafaniza. Bambo wa ku Monkey Bay anandiphunzitsa kuwaza penti wakuda pang'ono chabe, ngati fumbi, pamwamba pa pulayima, penti woyambira uja, kenako kupala mopepuka: pamene pakwera penti amachoka msanga, pamene palowa amatsalira ngati timadontho takuda. Nthawi yoyamba chifanizo changa chinaoneka ngati khungu la nkhanga. Ndinazoloweranso kuchitulutsa panja dzuwa likamalowa, pamene kuwala kumabwera cham'mbali n'kuonetsa mthunzi wa kadzenje kalikonse, ndiponso kuyendetsa chikhatho pamwamba pake nditatsinzina, popeza khungu limamva zimene diso laphonya. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'masabata amenewo mawuwa ndinawamvetsa ndi mapewa. Chifukwa chovutikira chonchi n'chakuti rezini imakopera chilichonse. Kamzere kamene sandipepa yasiya pa chifanizo kadzaoneka m'chikombole, ndipo kadzaonekanso pa chishango chilichonse chotuluka m'chikombolecho. Pomaliza ndinapala ndi madzi, nambala 400, 800 ndi 1200, mpaka chifanizo chinayamba kunyezimira ngati mbale yadothi yatsopano.

Panali vuto lina limene ndinaliona mochedwa koma lisanandiwonongere ntchito. Njerwa imatuluka m'chikombole chifukwa makoma ake ndi owongoka. Chinthu chimene m'mbali mwake mumapindikira m'kati, ngati mphika wa kukamwa kwakung'ono, sichingatuluke m'chikombole cha chidutswa chimodzi. Chishango changa chinkapindikira kumbuyo m'mbali zonse ziwiri, pofungatira nyali. Ndinayenera kugawa chikombole pawiri, kumanzere ndi kumanja, motsata msana uja. Ndinaimika mpanda wa katoni yolimba yokutidwa ndi tepi yosalala motsata mzere wapakati, ndikutseka mipata ndi dongo la ana asukulu loumbira zidole, ndipo pa mpandawo ndinamatapo timibulu tinayi ta dongo lomwelo, kuti mbali ziwiri za chikombole zidzakhale ndi mano olowerana pamalo amodzimodzi nthawi zonse. Kenako ndinapaka phula loletsa kumatirira kasanu ndi kamodzi, ulendo uliwonse ndikudikira kuti liume ndisanalipukute ndi nsalu yofewa, ndipo pamwamba pake ndinapaka PVA, madzi obiriwira amene akauma amasiya kachikopa kopyapyala kosungunuka ndi madzi. Munthu akaumira phula pamenepa, chikombole ndi chifanizo zimagwirana kosalekananso, ndipo masabata atatu aja amathera pa nyundo.

Choyamba kupakidwa ndi gelcoat, rezini yokhuthala imene imakhala nkhope yosalala ya chinthucho. Pa chikombole ndinagwiritsa ntchito yakuda, kuti podzaumba chishango choyera ndizidzaona malo amene sindinafikepo. Imapakidwa yochindikala pafupifupi theka la milimita, ndipo imasiyidwa kufikira pamene chala chikaikhudza chimasiya chidindo koma osatenga mtundu. Ikafika pamenepo ndi pamene nsalu imayalidwa. Nsalu imene ndinagwiritsa ntchito ndi ya timaulusi todukaduka tomwazikana, imene imagulitsidwa potengera kulemera kwake pa sikweya mita: ya magalamu 300 ndi yofewa ndipo imalowa bwino m'makona, ya magalamu 450 ndi yokhuthala ndipo imamanga thupi msanga. M'mphepete mwa zidutswa ndi bwino kung'amba ndi manja kusiyana ndi kudula ndi lumo, chifukwa mphepete yong'ambidwa imasungunukira mu inzake osasiya mzere. Burashi siikokedwa ngati popaka penti, koma imagogodedwa ndi nsonga mpaka nsalu yoyera itasanduka yoonekera, ndipo kenako karola kachitsulo ka mizeremizere kamayendetsedwa pamwamba kuti katulutse mpweya. Thovu lililonse lotsalira kuseri kwa gelcoat ndi dzenje limene lidzabooka tsiku lina. Rezini yoyenera ndi yolemera kawiri kapena kawiri ndi theka kuposa nsalu, ndipo ndinkayeza zonse pa sikelo ya kukhitchini. Poyamba ndinkaganiza kuti rezini yambiri ndiyo mphamvu, koma yopitirira muyezo imangowonjezera kulemera ndi kuchititsa chinthu kusweka msanga.

Hadena ndi imene inandiphunzitsa kulemekeza nyengo. Dzina lake lenileni ndi MEKP, ndipo imathiridwa pakati pa 1 ndi 2 peresenti, kutanthauza mililita imodzi kapena awiri pa mamililita 100 a rezini. Ine ndinkayeza ndi sirinji. Ntchitoyi inandipeza mu October, dziko litatentha, ndipo tsiku loyamba ndinasakaniza theka la lita masana m'chitini chakuya ndi muyezo wa 2 peresenti. Ndisanamalize ngakhale theka la mbali imodzi, burashi inayamba kulemera, rezini inasanduka ngati phala lozizira, ndipo patangopita mphindi zochepa chitinicho chinatentha mosagwirika n'kuyamba kufuka utsi. Rezini ikamalimba imatulutsa kutentha, ndipo ikaunjikana pamalo amodzi kutenthako kumafulumizitsa kulimba, kulimbako n'kuwonjezeranso kutentha. Ndinachinyamula ndi pulayala n'kukachiika padothi kutali ndi nyumba. Kuyambira tsiku limenelo ndinkayamba ntchito 5 koloko m'mawa kusanatenthe, ndinkasakaniza mamililita 150 okha nthawi imodzi m'mbale yosazama, ndipo ndinatsitsa hadena kufika pa 1 peresenti, koma osapitirira kutsika, chifukwa ikachepa kuposa pamenepo rezini ikhoza kukhala yonanda osalimba bwino. Pa chifukwa chomwecho sindinkayala nsalu zoposa ziwiri nthawi imodzi pa chikombole. Ndinkadikira kuti zizizire, kenako n'kuwonjezera, mpaka chikombole chinachindikala kuwirikiza kawiri chishango chimene ndinkafuna.

Ndiyenera kunena mosabisa kuti mankhwalawa ndi oopsa, makamaka kwa ife amene timagwira ntchito zoterezi pakhonde, ana akusewera pafupi. Dontho la hadena likalowa m'diso likhoza kuwononga diso, kotero magalasi otchinga maso ndi ndowa ya madzi oyera ziyenera kukhala pafupi botolo lisanatsegulidwe. Fungo la rezini limapweteka mutu m'chipinda chotseka, ndipo ine ndinkagwirira panja pamthunzi pamene mphepo imadutsa. Asetoni yotsukira maburashi imayaka msanga kwambiri, moti mbaula ndi fodya siziyenera kuyandikira. Fumbi la faiba podula ndi popala limayabwa pakhungu ndipo si loyenera kulowa m'mapapo. Ndinkavala masiki ndi malaya a manja aatali, ndipo ndikamaliza ndinkasamba madzi ozizira osadzikanda. Hadena ndinkaisunga m'bokosi lokiya, payokha, kutali ndi rezini ndi dzuwa.

Mbali yoyamba italimba ndinachotsa mpanda wa katoni, ndikupaka phula pa mlomo wa faiba umene unatsala, ndikuumba mbali yachiwiri moigunda. Ndisanazilekanitse ndinaboola mabowo asanu pa milomo iwiriyo kuti mabawuti adzazigwirizanitse. Patatha masiku awiri ndinasema timphano ta mtengo wofewa n'kuyamba kutilowetsa pang'onopang'ono pakati pa milomoyo, ndikuthira madzi mumpata kuti PVA isungunuke. Sikuludiraiva siyenera kulowa pamenepa chifukwa imakanda nkhope ya chikombole. Kwa kanthawi panalibe chosuntha, kenako ndinamva kaphokoso kakuti thee, ngati nthambi youma ikuthyoka patali, ndipo mbali ya kumanzere inamasuka. M'kati mwake munali mwakuda monyezimira, ndipo ndinaona nkhope yanga mmenemo. Ndinaonanso kamzere kamodzi kakang'ono pafupi ndi bowo la nyali, kamene ndinakaphonya pa chifanizo, katakopedwa ndendende. Ndinakapala ndi nambala 1200 n'kukapukuta mpaka katatha.

Kuumba chishango chenichenicho kunatenga m'mawa umodzi wokha, pambuyo pa mwezi ndi theka wokonzekera. Ndinamanga mbali ziwiri za chikombole ndi mabawuti, ndikutseka mzere wapakati ndi dongo pang'ono, ndikupaka phula ndi PVA monga kale. Pambuyo pa gelcoat yoyera ndinayala nsalu imodzi ya magalamu 300 ndi ziwiri za magalamu 450, zimene zinapereka kuchindikala kwa mamilimita pafupifupi 3, ndipo pa malo anayi odzalowa mabawuti ndinawonjezera tizigamba tiwiritiwiri. Pali nthawi yochepa pamene rezini yagwira koma isanaume gwa, ili ngati chikopa. Pa nthawi imeneyo mpeni wakuthwa umadula nsalu yotsalira m'mphepete mosavuta, pamene ukachedwa pamafunika sowo ndi fumbi lambiri. Chishangocho ndinachisiya m'chikombole masiku awiri, chifukwa chikatulutsidwa msanga chimapitiriza kuuma chili chopanda chochigwira ndipo chikhoza kupotoka. Nditachitulutsa ndi kuchiyeza pa sikelo chinalemera kilogalamu imodzi ndi magalamu 200.

Kumangirira kunali ndi phunziro lakelake. Mmisiri wowotcherera wa pafupi ndi kwathu anandipindira mabulaketi anayi a chitsulo chopyapyala, awiri ochokera pa makutu ogwira nyali ndi awiri ochokera pamwamba pa mafoloko. Ulendo woyamba ndinamanga mabawuti mwachindunji pa faiba n'kuwalimbitsa kwambiri, ndipo patatha sabata ndinaona timing'alu tomwazika ngati ukonde wa kangaude pozungulira bowo limodzi. Injini ya silinda imodzi imanjenjemera, ndipo faiba yopanikizidwa pa chitsulo imalandira kunjenjemera konseko pamalo amodzi. Ubwino wa faiba ndi wakuti imakonzeka. Ndinapala kuseri kwake motsetsereka, ndikumata tizigamba titatu, kachiwiri kokulirapo kuposa koyamba, kachitatu kokulirapo kuposa kachiwiri, kenako ndinakulitsa mabowo onse n'kuikamo timphira, ndi mawashala aakulu mbali zonse ziwiri, ndi manati osamasuka okha. Tsopano chishango chimakhala pa mphira, ndipo bawuti siikhudza faiba paliponse. Kagalasi kapamwamba ndinakadula ku pulasitiki yoonekera ya polycarbonate ya mamilimita 3, imene imalola kupindika pang'ono popanda kuitenthetsa ndipo siphwanyika kukhala zidutswa zakuthwa ikamenyedwa ndi mwala.

Ndisanapake penti ndinatsuka chishango ndi madzi ofunda a sopo kuti phula ndi PVA zichoke, chifukwa penti sagwira pamene pali phula, kenako ndinapala ndi nambala 400 n'kuwaza pulayima. Pulayimayo anaonetsa timabowo tingapo tating'ono ngati toboola ndi singano, timene ndinatseka timodzitimodzi. Ndinasankha mtundu wofiira wofanana ndi wa thanki. Nyali ndinaiyeza usiku, njinga ili pamalo athyathyathya mamita 5 kuchokera kukhoma, ine nditakhalapo kuti kulemera kukhale kwa masiku onse. Ndinalemba ndi choko pakhoma msinkhu wa pakati pa nyali, ndikuiweramitsa mpaka kuwala kwapansi kutagwera kunsi kwa mzerewo, kuti ndisamathobwe m'maso madalaivala obwera kutsogolo. Ndinapezanso kuti mlomo wa bowo la nyali unkabweza kuwala kulowa m'kati mwa kagalasi n'kumandisokoneza maso, ndipo ndinathetsa zimenezi popaka penti wakuda wosanyezimira kuseri konse kwa chishango.

Ulendo woyamba wa ku Zomba ndinauyenda mosamala, ndikukweza liwiro pang'onopang'ono ndi kumvetsera chiwongolero m'manja. Mphepo inachoka pachifuwa monga ndinkafunira, ndipo malole akamadutsa pa Namadzi njinga inkagwedezeka mofanana ndi kale, osaposa. Koma ndikafika makilomita 80 pa ola, mphepo yonse imene kagalasi kankaikankhira m'mwamba inkafikira pa chipewa changa chotetezera mutu, n'kumachigwedeza ndi phokoso lalikulu m'makutu. Ndinaima, ndikumata chidutswa cha katoni pamwamba pa kagalasi kuti katalike, ndipo zinaipiraipira. Tsiku lotsatira ndinachita zosiyana: ndinadula masentimita 3 pamwamba pake n'kukapendeketsa pang'ono chakumbuyo poika mawashala pa mabawuti apansi. Mphepo inatsikira pa mapewa, chipewa chinatsala mumphepo yoyenda bwino yosavunduka, ndipo phokoso linatha. Muyezo umenewu ndi wa msinkhu wanga ndi kakhalidwe kanga panjinga. Munthu wamtali kuposa ine angafunike kudula mosiyana.

Chishangocho chadutsa nyengo imodzi ya mvula ndi chiperoni chimodzi, nthambo zamagetsi n'zouma, ndipo timing'alu sitinabwererenso. Chikombole ndinachitsuka, ndikuchipaka phula, ndikuchimanga ndi mabawuti ake kuti chisapotoke, ndipo chili pa shelefu chitakutidwa ndi nsalu. Mwezi wathawu mnyamata wina wa kabaza anandiimitsa pa Limbe n'kundipempha kuti ndimuumbire chofanana. Nditayang'ana njinga yake ndinapeza kuti nyali yake ndi ya makona anayi, thanki yake ndi yotambalala kutsogolo, ndipo chingwe cha kilatchi chimadutsa pamene pa yanga pali bulaketi. Ndinamuuza kuti chikombole changa sichimukwana, ndipo tinagwirizana kuti Loweruka likubwerali abwere ndi njingayo m'mawa, atatenga makatoni awiri aakulu ndi tepi.